Bowo Lachitatu la Sachedwa

Ndikakumbukira a Damiyano, ndimamva fungo la makala ndi mtovu wosungunuka, fungo lija lokanda kukhosi limene linkachokera pansi pa chisakasa chawo, n'kuwoloka mpanda wa chinangwa, n'kudzatipeza ife tikumwa phala pakhonde. Ndimamvanso hamala yawo ikugunda pa chidutswa cha njanji, ngwe ngwe ngwe, kuyambira mame asanaume mpaka dzuwa kufika paliwombo, moti nkhuku zathu zinazolowera, ndipo tsiku limene iwo adwala zinkangoyendayenda ngati zasochera. Sanali agogo anga enieni. Anali oyandikana nafe nyumba chabe, bambo wamfupi wadazi, wa zala zakupsaipsa, wovala magalasi omanga ndi waya, amene ankati akamaliza chilichonse, kaya kumata ndowa kaya kuyetsemula, ankanena kuti, "Puronto."

Mudzi wathu uli pakati pa siteshoni ya Entre Lagos ndi madambo a nyanja ya Chiuta. Tinabwererako mtendere utabwera, titakhala zaka zambiri kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo tinapeza udzu utatalika kuposa zipupa. Munthu ankazindikira pakhomo pake poona mtengo wa mango. Aliyense ankasowa ndowa, poto, koloboyi, ndiye a Damiyano, amene anabwera ndi thumba lodzaza zitini za mafuta ophikira za kumsasa, anakhala munthu wofunika kuposa mlembi wa boma. M'mawa wonse ankakhoma. Koma dzuwa likapendeka, ife tikaweruka kusikola, ankazimitsa moto, n'kutenga chitseko chakale, n'kuchigoneka pa zidebe ziwiri, n'kujambulapo ndi khala nyanja, mapiri, mitsinje ndi midzi imene sinalipo pa dziko lino. Akuluakulu ankangoti ndi masewera a Damiyano, ena n'kumanong'ona kuti mkuluyo akuphunzitsa ana kuombeza. Ife tinkawatcha Ulendo.

Musaganize kuti zinali nthano. Pa nthano iwe umangoyankha kuti tili tonse, nkhani n'kumapita kumene mwini wake akufuna. Pa Ulendo, a Damiyano ankafotokoza mpaka pamene zinthu zavuta, mvula ikubwera, mlatho wathyoka, kutsidya kukuyaka maso a chinthu chosadziwika, kenako n'kukuloza ndi msomali.

"Iwe ukutani?"

Ukanena chimene ukufuna kuchita, ankakupatsa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti uponye pachitsekopo. Zikagwa chagada zitatu kapena zonse, wapambana. Zikagwa ziwiri, wapambana koma wataya kanthu. Zikagwa chafufumimba zambiri, tsoka lako. Ankaponyetsa poyera, aliyense akuona, ndipo iwo eni sankazikhudza zikagwa. Masewerawa anawapeka okha kumsasa, ati pofuna kuti ana asamamenyane makolo awo akakhala tsiku lonse pamzere wa ufa.

Aliyense anali ndi munthu wake. A Damiyano ankamudula ndi sizasi yamalata kuchokera ku chitini, wamtali ngati chala, ndipo asanakupatse ankakufunsa mafunso atatu: ndiwe yani, wanyamula chiyani, ukuopa chiyani. Funso lachitatulo tinkalida, chifukwa chimene wanena kuti ukuopa, dziwa kuti tsiku lina udzakumana nacho panjira. Munthu wako akavulala, a Damiyano ankamuika pa njanji paja, n'kutenga msomali ndi hamala, n'kumuboola pachifuwa. Kho. Bowo loyamba unkaseka. Lachiwiri unkayamba kuyenda mosamala. Lachitatu linali imfa, ndipo pa Ulendo wakufa sankadzuka.

Tinkasewera ambiri, koma okhazikika tinali atatu: ine Lusiya, mnzanga Mariyeta, ndi Saidi, mwana wa asodzi a kugombe, amene makolo ake sanathawe nkhondo. Saidi anali wamphulupulu zedi. Anthu ake ankafa ngati ngumbi, chifukwa iye akaona phanga ankalowa, akaona chimphona ankachitukwana. Munthu wake woyamba atafa, anabwera m'mawa mwake n'kunena kuti malemuyo anali ndi mnzake wamapasa, wofanana naye chilichonse, mkondo womwewo, mphamvu zomwezo. A Damiyano anamulola. Wamapasayo atafanso, Saidi anati analipo wachitatu.

"Mayi ameneyu ankabereka ngati mbewa?" anatero a Damiyano akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Pita ukaganize bwino. Amene wafa wafa. Usandibweretsere mtembo utauveka malaya ena."

Kuyambira tsiku limenelo lamulo linakhwima. Munthu akafa, ulendo unkaima. Otsalawo aliyense ankanena chinthu chimodzi chimene malemuyo anachita, chabwino kapena chopusa, kenako a Damiyano ankamupachika pa waya kudenga la chisakasa, kumene anthu a Saidi anali atadzaza kale mzere wathunthu. Koma mwanawe sunkathamangitsidwa. Ankati pachitseko pawo safa mwana, amafa munthu wa malata. Unkayenera kubwera ndi munthu wina, wosiyana ndi woyambayo, ndipo unkayenera kufotokoza kumene akuchokera ndi chimene chamufikitsa kwa anzakowo. Katundu wa malemu sunkamutenga pokhapokha otsalawo atagwirizana kukupatsa. Ndimadabwa mpaka lero kuti munthu amene sanafike ngakhale kalasi yachitatu anaziganiza bwanji zonsezi, moti ngakhale mwana woliralira ngati Mariyeta ankataya munthu wake lero, mawa n'kubwera akuseka ndi wina.

Tsono ine ndinali ndi nkhani yanga. Usiku umene tinathawa, bambo anga anatiwolotsa pa bwato, ine ndi amayi, kudutsa m'mabango a Chiuta mpaka kutsidya. Atatitsitsa anabwerera kukatenga agogo ndi ana a mchemwali wawo. Ine ndinali wamng'ono, ndimakumbukira msana wawo wokha ndi nkhafi. Sanabwerenso. Kumsasa ndikafunsa, amayi ankati akubwera. Titabwerera kumudzi ndikafunsa, ankati mwina ali ku Nampula, mwina ku Zambezia, anthu akubwererabe. Ndipo ankabwereradi. Komboyo, sitima ya pamtunda ija, ikaima pa Entre Lagos kunkatsika anthu amene abale awo anali atawaiwala kale, owonda, aimvi, atanyamula kathumba kamodzi. Amayi sanamete, sanavale zakuda, sanalire maliro. Achibale a bambo akabwera kudzakamba zoti awasudzule, ankawaphikira, n'kuwaperekeza, nkhaniyo osaigwira n'komwe.

Munthu wanga woyamba pa Ulendo anali mayi wogulitsa mchere, ndipo anadyedwa ndi fisi pa sabata yachiwiri. Sindinamudandaule. Nditabwera kudzatenga wachiwiri, a Damiyano anafunsa mafunso awo.

"Ndiwe yani?"

"Ndine mwamuna wopalasa bwato. Ndine wamanzere. Ndimaimba mluzu popalasa. Dzina langa ndi Sachedwa."

Sizasi inaima m'manja mwawo. Sachedwa linali dzina limene anzawo ankatchula bambo anga, chifukwa kulikonse kumene akupita ankati sachedwa, ndipo ankachedwa. Ine ndinkaganiza kuti dzinalo ndikulidziwa ndekha. Mwana amaganiza kuti akuluakulu anabadwa dzulo. A Damiyano anakula ndi bambo, anasodza nawo, mwina dzinalo analipereka ndi iwo omwe.

"Lusiya," anatero, "pali maina ambiri pa dziko."

"Ine ndikufuna lomweli."

"Pachitseko pano anthu amafa. Ukudziwa?"

"Wanga safa."

Anapitiriza kudula. Anamupatsa nkhafi kudzanja lamanzere. Atafunsa chimene ndikuopa, ndinati palibe, ndipo kwa nthawi yoyamba analola yankho limenelo.

Ndinasewera naye Sachedwa kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Palibe munthu wina amene anakhalitsa chotero. Ndinkamusamala kuposa mwana wakhanda. Ena akamathamangira kukamenyana ndi zimphona, iye ankatsala kulondera bwato, ndipo Saidi ankandinena kuti munthu wanga ndi wamantha ngati nkhuku yachitopa. Mumtima mwanga ndinali nditapangana ndi Mulungu pangano limene sindinauze munthu: malinga ngati Sachedwa ali moyo pachitseko, bambo ali moyo kwinakwake, ndipo tsiku limene tidzafike kumapeto kwa Ulendo, iwo adzatsika komboyo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndinkadziwa kuwerenga ndi kuchotsera, koma zimenezi ndinkazikhulupirira kuposa katekisimu. Bowo loyamba analipeza kwa ng'ona. Lachiwiri mphezi inagwetsa mtengo pa bwato. Tsiku la bowo lachiwirilo sindinadye.

Ulendo wa nthawi imeneyo unali wokapereka mbewu ya chimanga ku mudzi wina wa kuphiri umene unagwa m'njala. Tsiku lake linali lotentha, mitambo itaunjikana kumadzulo, ntchentche zikutera pa milomo. A Damiyano anafotokoza kuti tafika pa nyanja yaikulu ndipo kumbuyo kwathu tchire likuyaka. Bwato linali laling'ono. Sachedwa anawolotsa munthu wa Saidi pamodzi ndi thumba la mbewu, zitsekerero zinagwa bwino, tinafika. Koma munthu wa Mariyeta, nkhalamba yodziwa mankhwala, anatsala kutsidya, moto ukumuyandikira, ndipo pakati pa nyanja mvuu inali itadzuka.

Msomali unandiloza. "Iwe ukutani?"

"Ndikubwerera kukamutenga."

Sindikudziwa chimene chinandilankhulitsa. Miyezi yonse ija ndinkamubisa munthu wanga, koma pamenepa pakamwa panayankha pokha. Mariyeta anati ndisiye, nkhalamba yake ikhoza kufa, anali atatopa nayo kale. A Damiyano anatsitsa msomali.

"Uli ndi mabowo awiri, mwanawe. Pali njira zina. Mukhoza kumukuwira kuti alowe m'madzi adikire moto udutse. Ganiza."

"Sachedwa sangamusiye munthu."

"Zoona," anatero pang'onopang'ono. "Sangamusiye." Anandipatsa zitsekerero.

Ndinaziuzira mpweya, ndinaziponya. Zitatu zinagwa chafufumimba pomwepo. Chachinayi chinagubuduka m'mphepete mwa chitseko, chinazungulira, chinazungulira, chinagona chafufumimba nachonso. A Damiyano anafotokoza ndi mawu awo a masiku onse kuti Sachedwa anafika kutsidya, anakweza nkhalamba ija, ndipo pobwerera mvuu inagubuduza bwato, iye anakankhira nkhalambayo ku mabango, madzi n'kumutseka. Kenako anatambasula dzanja kuti ndiwapatse munthu wanga.

Ndinakana. Ndinamufumbata mpaka lata linandicheka chikhatho. Ndinati ndiponyenso, chitseko chinapendekeka. Ndinati anasambira pansi pa madzi. Ndinati mvuu inali itakhuta. Iwo dzanja lili chitambasulire, osakalipa, osaseka. Pomaliza ndinawapatsa, ndikuganiza kuti akaona magazi m'manja mwanga achita chisoni. Anamuika pa njanji. Kho.

"Mumamata ndowa tsiku ndi tsiku," ndinakuwa. "Mtovu uli apo. Matani bowolo."

"Ndowa ndimamata chifukwa ndi ndowa," anatero. "Uyu unandiuza wekha kuti ndi munthu."

Zimene ndinawanena tsiku limenelo ndimachita nazo manyazi mpaka pano. Ndinawatcha mfiti. Ndinati dazi lawo ndi la kudya anthu. Ndinakankha chitseko, anthu a malata n'kumwazikira m'fumbi, ndipo ndinathamangira kwathu. Iwo sanandithamangitse, sanakandinenere kwa amayi. Ndili kuseri kwa nkhokwe ndinangomva akutola zinthu zawo chimodzichimodzi.

Sabata yathunthu sindinapondeko. Ndinkadwala mutu, ndinkalota madzi. Komboyo ikalira ndinkatseka makutu, chifukwa ndinkadziwa kuti bambo ndawapha ndine, ndi dzanja langa, ndi zitsekerero za mabotolo. Amayi ankandifunsa chimene chandivuta, ine n'kumati malungo. Ndipo Ulendo unaima. Saidi ndi Mariyeta ankabwera kudzandinyengerera, kenako kudzanditukwana, ati a Damiyano akana kupitiriza, akuti sangayende ulendo kusiya maliro osalira ndi malo a munthu ali opanda kanthu. Ana onse a m'mudzi anandida. Ndinati andide.

Lolemba lotsatira a Damiyano anabwera okha kwathu, zimene sankachitachita. Anaodira, anakhala pa mpando, anakamba za mvula ndi amayi. Kenako anaona ndowa yathu imene inkadontha, amayi atatseka bowo lake ndi kansanza.

"Amake Lusiya, mukukhala pafupi ndi mmisiri n'kumatunga madzi ndi chosefera? Bweretsani kuno. Mudzaitenge Lachisanu dzuwa likapendeka. Mudzabwere nokha, ana amagwetsa mtovu usanagwire."

Potuluka anaima pamene ndinakhala ine ndikusenda chinangwa, ndipo osandiyang'ana anaika kanthu pa mwala. Kanali kamunthu ka malata, kongodula mutu ndi miyendo, kopanda nkhafi, kopanda chilichonse.

"Alibe dzina," anatero. "Ukamupezera, ubwere naye."

Ndinakaponya m'tchire. Madzulo ndinakafuna, ndinakapeza. Masiku anayi ndinaganiza mmene ndingawapusitsire, ndipo Lachisanu ndinapita ndi nzeru zanga zonse zili m'manja. Ana anali atadzaza kale pansi pa chisakasa, chitseko chili pamalo pake, nyanja ija itajambulidwanso. Sachedwa anali atagonekedwa m'mphepete mwake, mabowo atatu akuoneka.

Tinayamba ndi maliro monga mwa lamulo. Saidi anati malemuyo anali wamantha miyezi isanu ndi wolimba mtima tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzilo linaposa anthu ake onse asanu ndi awiri. Mariyeta anati anapulumutsa nkhalamba yake ngakhale iye mwini sankaifuna. Itafika nthawi yanga ndinangoti ankaimba mluzu. A Damiyano anamupachika pa waya. Kenako anakhala pansi n'kundifunsa.

"Ndiwe yani?"

"Ndine mwamuna wopalasa bwato, wochokera kutali, amene anaiwala dzina lake atamira m'madzi."

Ana anaseka. Saidi anati imeneyo ngakhale iye sanaiganize. A Damiyano anapukusa mutu.

"Ameneyo ali pawaya. Ndikufunsa za amoyo. Kodi Sachedwa sanasiye munthu aliyense pa dziko?"

"Anasiya."

"Ndani?"

Ndinayankha mokalipa, ngati ndikuwagenda ndi mwala.

"Mwana wake wamkazi."

"Eya. Wanyamula chiyani?"

"Palibe."

"Akuopa chiyani?"

"Komboyo."

Pa dziko la pachitseko panalibe komboyo, koma palibe amene anaseka. A Damiyano anatenga kamunthu kaja, anakadula pang'ono kuti kaoneke kovala nsalu, ndipo anakaimika patali ndi nyanja, pa mudzi umene anaujambula pomwepo ndi khala. Kenako anafunsa funso lachinayi, limene sanafunsepo munthu wina aliyense.

"Kodi mwanayu akudziwa?"

Ndinati sakudziwa. Palibe amene anamuuza.

"Ndiye ulendo sungapitirire," anatero. Anatembenukira kwa Saidi ndi Mariyeta. "Inu munali naye. Munaona ndi maso anu. Mwana wa munthu sangamve za bambo ake kwa odutsa m'njira. Nyamukani mukapereke uthenga."

Saidi anagwira munthu wake kuti amuyendetse pachitseko, koma a Damiyano anamuletsa. Anati uthenga wa maliro sunyamulidwa ndi malata. Anandiuza kuti ndikakhale pa mpando wawo wa ntchito, pafupi ndi khomo la chisakasa, ngati ndili pakhonde pa kwathu. Saidi anadandaula kuti sadziwa mawu ake.

A Damiyano anamufunsa kuti, "Bambo ako amatumidwa kangati ndi uthenga wa maliro kugombe? Unkayang'ana kuti?"

Ndiye mnyamata uja wamphulupulu, amene sankatha kukhala phee ngakhale m'kalasi mwa pulofesoro wa ndodo, anatuluka panja pamodzi ndi Mariyeta, anavula kapu yake, anabwera pang'onopang'ono, n'kuodira. Ndinayankha. Anagwada patsogolo panga, Mariyeta anakhala pansi atapinda miyendo kumbali monga amachitira amayi akuluakulu. Anandipatsa moni, anafunsa za pakhomo, ndinayankha kuti tili bwino. Kenako Saidi anayang'ana pansi, ndipo mawu amene anatuluka sanali ake, anali a akuluakulu a kugombe.

"Pepani, mayi. Ife tatumidwa, sitinabwere ndi zabwino. Bambo anu a Sachedwa atisiya. Anabwerera kukatenga anthu amene anatsala kutsidya, ndipo madzi anawatenga. Sanathawe, sanakusiyeni dala. Tinali nawo. Musawadikirenso."

Kumbuyo kwanga kunagwa chinthu. Ndinacheuka. Amayi anali ataima pakhomo la chisakasa, dengu limene ananyamula lili pansi, nyemba zitamwazika. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anayang'ana Saidi atagwada paja, anayang'ana ine, anayang'ana a Damiyano. Kenako anamasula mpango kumutu, anaika manja onse awiri pa liwombo, ndipo analira.

Ndinali nditamva maliro ambiri kumsasa, koma kulira kwa amayi anga ndinali ndisanakumve. Kunayambira pansi penipeni n'kukwera mpaka nkhuku zinathawa. Ankaitana bambo ndi dzina lawo lenileni, ankaitana apongozi awo, ankatchula ana a mlamu wawo mmodzimmodzi. Pakati pa kulirako ndinamva akunena kuti, anandiuza pamzere wa ufa ine, munthu wake sanakhale n'komwe pansi, anandiuza ataimirira ine. Ndi pamene ndinadziwa kuti amayi ankadziwa. Bambo wina wa kumudzi woyandikana nafe anawauza kumsasa, chaka choyamba chomwe, kuti anaona bwato la bambo litagubuduzika m'mabango, litabooka ndi zipolopolo, ndipo anawaona iwo eni. Anawauza mwachidule, akuyang'ana kutsogolo kuti wina asamulande malo. Amayi anandifotokozera pambuyo pake kuti mawu amenewo anawamva, koma sanali uthenga. Panalibe amene anatumidwa, panalibe amene anagwada. Ndiye anawapinda n'kuwasunga zaka zonsezo, n'kumandiuza ine kuti akubwera, mpaka iwo eni n'kumapita kusiteshoni.

Azimayi a m'mudzi anamva kulirako ndipo anabwera akuthamanga, ena ndi makasu m'manja, akufunsa kuti wamwalira ndani. A Damiyano anaimirira, anavula magalasi, n'kuwayankha ndi dzina la bambo anga. Palibe amene anafunsa kuti liti. Anangokhala pansi mozungulira amayi n'kuyamba kulira nawo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri ankalira awo amene nawonso sanawaike. Ine ndinapezeka ndili pamiyendo pa amayi, msinkhu wonse uja. Ndinawanong'oneza kuti bambo ndinawapha ndine, ndinaponya molakwika. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri.

"Iwe unali ndi zaka zinayi," anatero. "Unali m'tulo pamsana panga."

M'mawa mwake anatuma anthu kwa achibale a bambo. Patapita masiku awiri tinaika thunthu la nthochi m'manda, litakulungidwa mu nsalu, monga timachitira munthu akafera kosadziwika. Asodzi a kugombe anabwera ambiri, bambo ake a Saidi ali patsogolo, ngakhale mapemphero athu sanali awo. Amayi anameta. Ine ndinameta. Mutu unkazizira, koma usiku umenewo ndinagona mpaka kuwala kwa dzuwa kunandidzutsa.

Ndowa ija amayi anakaitenga sabata yotsatira. Anandiuza kuti anali ataiona kale Lachiwiri ili pa msomali, yomatamata, youma. Nditakula ndinawafunsa a Damiyano ngati anakonza dala zonsezi, ngati ankadziwa zimene amayi anamva kumsasa. Anali atakalamba kwambiri, khutu limodzi litagontha ndi hamala, ndipo poyamba ananamizira kuti sanamve. Nditabwereza anati iwo sanaponye zitsekerero, ndinaponya ndine, ndipo zikanagwa chagada Sachedwa akanawoloka.

"Nanga zikanagwa chagada, mukanatani?"

"Ndikanadikira," anatero. "Unali utamupatsa kale mtima wobwerera. Tsiku lina akanabwereranso."

Mwana wamkazi wa Sachedwa ndinamutcha Roza. Saidi ndi Mariyeta anagwirizana kumupatsa nkhafi ya bambo ake, koma iye sankadziwa kupalasa, ndipo a Damiyano sanamuchitire chifundo pa zimenezo: anaphunzira movutika, akuzungulira pamalo amodzi ana onse akuseka. Anali wamkamwa, wokonda mikangano, wosaopa kulowa m'phanga. Ndi iye amene anafikitsa mbewu ija ku mudzi wa kuphiri. Ndinasewera naye mosangalala kuposa mmene ndinasewerera ndi Sachedwa, chifukwa ndikamaponya zitsekerero ndinkangoponya zitsekerero basi.

Lero ndimakhala ku Insaca, ndili ndi zidzukulu, ndipo aliyense ali ndi foni m'thumba. Munthu akamwalira kuchipatala, mawu amafika kumudzi thupi lisanazizire, nthawi zina mwana amamva za mayi ake ali pamsika akusankha tomato. Ine zimenezo ndimakana. Anthu a m'dera lathu amadziwa, ndipo ena amandiseka kuti ndine wachikale, koma zikagwa amabwera kwa ine. Ndimawauza kuti asaimbe kaye foni. Ndimamanga nsalu, ndimakwera njinga kapena shapa, minibasi ya kwathu kuno, kaya ndi kutali bwanji, ndimafika pakhomopo n'kuodira. Ndimadikira andipatse pokhala. Ndikatero ndimatsika pampandopo, maondo anga okalambawa n'kugunda pansi, ndipo ndimayamba ndaonetsetsa kuti ana a pakhomopo nawonso aitanidwa.